Pitikoti Yofiira ya Mayi Wamasiye

Alamu anga a Aubrey Trickett anagwira ntchito m'mabasi a mu London moyo wawo wonse, poyamba ngati kondakitala, kenako ngati wofufuza matikiti. Ntchito yachiwiriyi ndi imene inawalowa m'magazi. Pepala lililonse mukawapatsa, kaya ndi khadi la Khirisimasi, kaya ndi lokulungira nsomba ndi tchipisi, ankayamba alitembenuza kaye, kuliyang'ana kumbuyo, kulikweza m'mwamba, ngati pali wina akufuna kukwera ulere. Mng'ono wanga Enid anakhala nawo pa banja zaka zoposa makumi anayi m'kanyumba kawo ku Walthamstow, ndipo ine zaka zonsezo ndinkangougwira mtima. Sikuti nthawi zonse unkagwirika.

Ndisawanamizire, sanali munthu woipa. Mowa sankamwa, juga ya mahatchi sankaidziwa, ndipo Enid sanamvepo mawu achipongwe kuchokera pakamwa pawo. Matenda awo anali amodzi: zithunzi za maliro. Sindikunena zojambula ndi kamera, koma zamakedzana zija, za zaka mazana awiri zapitazo, zimene mmisiri ankazokota pa chimbale cha mkuwa, n'kuzidinda pa pepala, ena n'kuzipaka utoto ndi manja. Zinali zithunzi zachipongwe, zoseka akuluakulu. Pena mupeza nduna zonenepa zitanyamula kabokosi kakang'ono, mkati muli msonkho umene anthu aukana, zikulira mamina chuchuchu. Pena ndi boma lathunthu likupita kumanda, zigawenga zikuvina pambuyo. Anzawo ankatolera za zisankho, za madokotala, za asilikali a m'nyanja, koma alamu anga ankafuna maliro basi. Chithunzi chopanda bokosi la maliro sankachiyang'ana kawiri.

Choseketsa n'chakuti amene anayambitsa zonsezi ndi Enid yemwe. Akadali pa chibwenzi, tsiku lina Loweruka akuyenda mumsika, anaima pa benchi ya mkulu wina wogulitsa mabuku akale, Enid n'kuona chithunzi chili m'katoni pamodzi ndi mapepala a nyimbo. Chinali cha maliro a munthu wachuma. Abale ake ali m'mizere, aliyense wabisa anyezi m'kampango kuti misozi ibwere, maso ali pa nyumba ya malemu. M'busa akuwerenga buku chozondotsa. Kutsogolo kuli mayi wamasiye, wavala zakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nkhope waphimba, koma pokweza diresi kuti adumphe matope, pitikoti yofiira piriwiri yatulukira pansi, ndipo diso limodzi lasuzumira mnyamata wonyamula bokosi. Enid anaseka mpaka kukhala pansi pa katoni ya mwini benchi. A Aubrey anaona kuti mtsikana woseka chonchi si womusiya, anagula chithunzicho, ndipo pobwerera pa basi anamufunsira ukwati.

Chithunzicho chinakhala pakhoma la pabalaza pawo miyezi yowerengeka yokha. Kenako alamu anga anakumana ndi a Lionel Quarmby, ndipo ine tsiku limenelo ndimalitemberera mpaka lero. A Quarmby anali ndi kasitolo ka zithunzi zakale pafupi ndi nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana, munthu wamtali wowonda, wonunkhira fodya wa kaliwo, woyankhula monong'ona ngati m'sitolomo muli wodwala. Atabwera kudzamwa tiyi n'kuona chithunzi chili pakhoma moyang'anizana ndi windo, akuti anagwira pamtima. Anawauza a Aubrey kuti kuwala kumadya utoto, kuti dzuwa limayamba ndi zofiira, ndipo kuti munthu wodziwa zinthu sapachika chithunzi chotere, amachigoneka m'bokosi lafulati, pakati pa mapepala oyera, mumdima. Madzulo omwewo chinatsika. Pakhoma panangotsala msomali.

Kuyambira pamenepo mabokosi anayamba kuswana. Chipinda chimene tonse tinkayesa kuti mudzagona mwana, ndipo mwanayo sanabwere, chinadzaza mashelefu. Makatani a m'chipindamo anali okhuthala ngati bulangeti ndipo sankatsegulidwa. Loweruka lililonse alamu anga ankalawirira ku msika kapena ku okushoni, galasi lokulitsa zinthu lili m'thumba, n'kubwerako madzulo ndi maliro ena m'khwapa, nkhope ikuwala ngati awina mpikisano. Mukafuna kuona zithunzizo, munkayamba mwasamba m'manja ndi sopo, kupukuta, kuwaonetsa manjawo, kusiya kapu ya tiyi kukhitchini. Iwo ankatsegula bokosi ndi kanyali kamodzi kofooka, inu n'kumayang'ana manja ali kumbuyo. Musanamalize kuseka, anali atatseka kale. Ine ndinapitako kawiri, kachitatu ndinawauza kuti kukaona akaidi kundende n'kosavuta.

Enid yekha ndi amene ankaloledwa kukhudza. Alamu anga anamuphunzitsa kuyendetsa chala m'mbali mwa chithunzi kuti amve kangalande kakang'ono kozungulira mbali zonse zinayi, kamene chimbale cha mkuwa chimasiya chikapanikizidwa pa pepala lonyowa. Ankati maso amanamizika koma chala ayi: kangalande kalipo, chithunzi n'chenicheni, palibe, ndiye kuti wina wakubera. Enid ankabwereza mawu amenewa mowatsanzira tikakhala awiri, mpaka kunong'ona kwa a Quarmby komwe.

Pamaliro a amuna anga a Horace mpamene ndinadziwa kuti matendawa alibe mankhwala. Tili kumanda, mvula ikuwaza, ndinamva alamu anga akunong'oneza Enid kuti aone mphuno ya abusa, yofanana ndendende ndi ya m'chithunzi china cha m'bokosi lachitatu. Titabwerera kunyumba, anthu akudya masangweji, anandikokera pambali mwaulemu wonse n'kundifunsa ngati malemu sanasiye mapepala akale kudenga. Ndi khalidwe lawo anthu amenewa. Mnzawo wotolera zithunzi akamwalira, amafika onse ndi masuti akuda, kupepesa mayi wamasiye ndi dzanja limodzi, maso ali pa mashelefu. Zaka zonsezi akuseka abale a anyezi m'kampango, sanadzionemo ngakhale tsiku limodzi. A Horace anali okonza mapaipi, kudenga anasiya mapaipi. Ndinakhala mpaka Pasaka osawayankhula alamu anga.

Enid sankadandaula za mabokosi, za Loweruka, ngakhale za tchuthi chakunyanja chimene chinkathera m'masitolo a mabuku akale. Pempho lake linali limodzi: mayi wa pitikoti yofiira abwerere pa msomali wake. Zina zonse azisunge mumdima mmene akufunira, koma icho chinali chake, amene anayamba kuchiona ndi iye, ndipo ankafuna azichiona akumwa tiyi. A Aubrey sankakana, n'chimene chinkandipsetsa mtima. Ankangoti tidikire chilimwe chidutse, dzuwa lachuluka. Chilimwe chikadutsa ankati moto wa malasha uchita mwaye. Atachotsa malasha n'kuika gasi, anati akufufuza galasi labwino loteteza utoto. Galasilo analifufuza mpaka anapuma pa ntchito. Msomali Enid sanauzule, ndipo popaka penti ankauzungulira.

Kenako maso a Enid anayamba kuvuta. Poyamba ankaphonya bowo la singano, kenako nambala ya basi, kenako tsiku lina anandidutsa pa msewu, ine mkulu wake, n'kundipatsa moni wa mlendo. Dokotala wa maso anati pakati pa diso pakufota, opaleshoni palibe, ndipo zizipita zikuipa. Anamulangiza kuti chimene akufuna kuona azichionera powala kwambiri, pawindo, masana. Tikutuluka m'chipatalamo Enid sanalire. Anangonena kuti pali zinthu zingapo zimene akufuna kuziyang'anitsitsa nthawi ikadalipo, ndipo ine ndinadziwa chimene chinali poyamba.

Lamulungu lotsatira alamu anga anachita zimene kwa iwo zinali chifundo chachikulu: anatilowetsa tonse awiri m'chipinda cha mabokosi, ine osandifunsa n'komwe za m'manja. Anatsegula bokosi, anayatsa kanyali kawo kaja. Enid anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda pepala, anapendeketsa mutu uku ndi uku, kenako anawongoka n'kunena kuti zikomo, wachiona. Ankanama. Ndinapita pa katani kuti ndikoke, a Aubrey n'kundigwira mkono.

"Alamu, dzuwa la masana ano ndi loopsa," anatero.

"Loopsa kwa ndani? Mayi wa papepalayo ali ndi zaka mazana awiri, adikira. Mkazi wanuyu ndiye alibe nthawi."

Anayamba kundifotokozera za utoto, kuti wofiirawo ankaupanga kuchokera ku tizilombo touma, kuti ukasuluka subwerera, kuti iwo ndi osunga chabe, chithunzi chiyenera kufika kwa a m'tsogolo chili bwino. Ndinawafunsa kuti a m'tsogolowo ndi ndani, popeza amene adzabwere pamaliro awo ndi a Quarmby ndi anzawo a masuti akuda. Enid anatiletsa, anati mutu ukumupweteka, ndipo tinakamwa tiyi.

Patapita milungu ingapo, pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa Enid, ndinafika ndi keke n'kupeza zodabwitsa. Pa msomali uja panali chithunzi, mu felemu yatsopano yakuda, moyang'anizana ndi windo, makatani ali chitsegulire. Abale a anyezi, m'busa wa buku lozondoka, pitikoti yofiira, zonse zilipo. Alamu anga anaima pambali atavala tayi, akusisita manja. Enid anawakumbatira akulira, ine ndinachita manyazi ndi mawu anga aja, mpaka ndinawadulira keke yaikulu kuposa ya wina aliyense. Ndinapita kwathu ndikudziuza kuti munthu amasintha ndithu ngakhale atakalamba.

Lachitatu lake, a Aubrey atapita ku okushoni, Enid anandipempha kuti ndimuchotsere galasi pa felemuyo chifukwa linkanyezimira n'kumutchinga. Tinaitsitsa, tinaigoneka pa tebulo la kukhitchini, ine ndinapinda timisomali takumbuyo ndi mpeni wa batala. Enid anapita kukasamba m'manja, chizolowezi cha zaka zonse zija, n'kubwera kudzayendetsa chala m'mbali mwa chithunzi. Anayendetsa mbali imodzi, kenako ina, kenako anabwerera poyamba. Pepalalo linali losalala ngati la kalendala.

Anakhala pansi. Ndinamufunsa chavuta n'chiyani, iye anangotenga chala changa n'kuchiyendetsa pomwepo. Kangalande panalibe. Zinadziwika pambuyo pake kuti nzeruyo inachokera kwa a Quarmby: anatengera chithunzi chenicheni kwa wojambula wina, anachijambula ndi kamera, n'kuchisindikiza bwinobwino pa pepala lokhuthala. Anagwirizana kuti munthu wa maso otere sangasiyanitse, ndiye onse apindula, mayi asangalala, chithunzi chipulumuka. Amuna awiri akuluakulu, odziwa mapepala kuposa wina aliyense, anaiwala kuti mayiyo anamuphunzitsa okha kuona ndi chala.

"Achemwali, musawauze," anatero Enid. "Ayesetsa. Tibwezeretse galasi."

"Ayesetsa chiyani? Kukupusitsa?"

"Si chithunzi chimene chikundiwawa. Kungoti aona kuti ndafika poti akhoza kundipatsa chilichonse."

Galasi tinabwezeretsa, felemu tinaipachika. Koma zoti ndisawauze ndinalonjeza ndi pakamwa pokha. Ndinawadikira pa siteji ya basi, ndipo atatsika ndi kaphukusi kawo kafulati m'khwapa, maliro enanso, ndinawayankhula pomwepo, anthu akumva. Ndinawakumbutsa kuti moyo wawo wonse ankatsitsa anthu m'basi chifukwa cha matikiti abodza, lero apereka tikiti yabodza kwa mkazi wawo. Ndinawauza kuti Enid wadziwa, wadziwa ndi chala chimene anachiphunzitsa iwo, ndipo wandipempha kuti ndibise kuti iwo asachite manyazi. Ndinanena zina zambiri zimene sindingazilembe pano. Iwo anangoima, chipewa chili m'manja, kenako anandifunsa ngati pochotsa galasi tinagwiritsa ntchito mpeni. Ndikanakhala ndi ambulera tsiku limenelo, bwenzi nkhaniyi ikuthera kupolisi.

Kwa masiku angapo sindinapondeko kwawo. Enid pa foni ankangoti zonse zili bwino, a Aubrey akukhalitsa m'chipinda cha mabokosi, sakudya kwenikweni. Nditapitako ndinapeza mpando wa Enid wasunthidwira pawindo lalikulu la pabalaza. Patsogolo pake panali kathabwa koimikapo buku la nyimbo, ndipo pa kathabwapo panali mayi wa pitikoti, wopanda felemu, wopanda galasi, dzuwa likumuwomba bwinobwino. Sindinafunse. Ndinadutsitsa chala m'mbali ndisanavule n'komwe chikhoto, m'manja mosasamba, ndipo kangalande kanalipo. Alamu anga anandiona ndikuchita zimenezo, anatseka maso ngati ndawaponda chala. Chabodza chija anachipachika kuchimbudzi.

Musaganize kuti anasanduka munthu wina. M'mawa uliwonse ankatulutsa chithunzicho atachinyamula ngati mbale yodzaza msuzi, madzulo n'kukachigoneka. Mtambo ukaphimba dzuwa nkhope yawo inkamasuka, likatuluka ankapita kukhitchini kukatsuka makapu otsuka kale. Enid akayandikira ndi tiyi, iwo ankayamba kutsokomola. A Quarmby atabwera n'kuona zimenezi, akuti anagwiranso pamtima paja, n'kunong'ona kuti uku n'kupha chinthu chosalakwa, ndipo ngati a Trickett atopa nacho, iwo akhoza kuchisunga. A Aubrey anawapatsa chipewa chawo tiyi asanathe. Zaka zonse zija ndinkalakalaka kuona zimenezo, ndipo zinachitika ine ndili kukhitchini, ndinangomva chitseko.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi inali itapita kale. Abale a anyezi Enid sankawaonanso, ngakhale ndi galasi lokulitsa la amuna ake. M'busa anali chimthunzi chabe. Diso losuzumira lija, limene linamukhazika pa katoni mumsika, a Aubrey ankachita kumulozera ndi mawu, iye n'kumavomera. Chimene ankachionadi, akapendeketsa mutu n'kuyang'anira m'mbali mwa diso, chinali kadontho kofiira pansi pa chinthu chakuda. Kameneko kankamukwanira. Ankakapeza m'mawa uliwonse n'kuseka, n'kunena kuti mayi uyu sanasinthe khalidwe. Ine ndinkakhala pamenepo mtima ukuwira, ndikuwerengera m'mutu zaka zimene akanachiona chonse, chimene chinaletsa n'kukhala tizilombo touma.

Chilimwe chinatha choncho. Tsiku lina masamba atayamba kugwa, ndinafika masana n'kupeza Enid ali pampando wake, dzuwa lili phwee pawindo. Anapendeketsa mutu kumanja, kumanzere, anayandikira, anabwerera m'mbuyo. Anafufuza nthawi yaitali osaseka. A Aubrey anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi kansalu kopukutira mbale.

"A Aubrey," anaitana, mawu ali pansi. "Pitikoti ija ikuoneka yotuwa. Ndi chithunzichi kapena ndi maso angawa?"

Ine ndinayang'ana. Pitikoti inali yofiira piriwiri, monga tsiku limene ndinaiona koyamba. Dzuwa la kwathu kuno, lotuluka mwa apo ndi apo, linali lisanaichite kanthu.

Alamu anga anaika kansalu paphewa, anatulutsa galasi lawo m'thumba, anawerama pa chithunzicho n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, mbali zonse, ngati tikiti yokayikitsa. Kenako anawongoka n'kupukusa mutu.

"Chasuluka," anatero. "Ndinkanena ine, Enid, kuti dzuwa limayamba ndi zofiira. Inu ndi achemwali anuwa simumva. Taonani tsopano, chatheratu."

"Ndiye ndachiwononga?"

"Mwachiwononga. A Quarmby sangachilandire ngakhale chaulere."

Enid anaseka, kuseka kwenikweni kuja, mpaka kupukuta misozi ndi chikhatho. Anati bola wachidyerera yekha mpaka kuchimaliza, ndipo a m'tsogolo akafune chawo. Anapempha tiyi.

Ndinawatsatira alamu anga kukhitchini. Anali ataima pa sinki, ketulo ili m'manja, madzi akusefukira, mapewa akugwedezeka. Ndinatseka mpopi, ndinawalanda ketuloyo, n'kuwauza kuti asunthe, sadziwa n'komwe kupanga tiyi. M'mawa mwake anatulutsanso chithunzicho n'kuchiimika pawindo, pamalo pomwe paja, ndipo anatsegula katani mpaka kumapeto.